Andiuza kuti thupi langa silikumva insulin ndili ndi mimba ya miyezi 3, ndiye kuti ndi shuga kale?

Make Awiri, Mpondasi

Moni nonse amayi ndi abambo a pagulu pano. Masiku onsewa ndimangowerenga za anzanga osalembapo kanthu koma lero zandikulira nde ndati ndifunse.

Ndili ndi zaka 34, mimba iyi ndi yachitatu, pano ili pa masabata 13. Woyamba ndinachira bwinobwino koma wachiwiriyu anabadwa wamkulu zedi, makilo 4.3, ine ndinang'ambika kwambiri ndipo mwanayo anamusunga kaye ku nazale tsiku lathunthu akuti shuga wake watsika. Nthawi imeneyo palibe anandiuza kuti zimenezi zikuchokera kwa ine, kunyumba anthu amangoyamikira kuti mwana wathanzi uyu, mayi ake amadya chambo. Amayi anga ondibereka ali ndi shuga, akumwa metformin chaka cha 6 tsopano.

Sabata yatha ndinali ku Blantyre kwa achemwali anga, iwowo ndi amene anandikakamiza kuti tipite ku pulaiveti ina akandiyeze magazi mmawa ndisanadye kanthu. Pepala lake lalembedwa chonchi: glucose 4.9 mmol/L, insulin 14, HOMA-IR 3.0, triglycerides 150 mg/dL, ndiye pansi awonjezera ndi bolopeni TyG 8.8. Adokotalawo panja panali mzere wautali nde anangoti mayi shuga mulibe koma thupi lanu silikumva insulin bwino, samalani zakudya, mudzabwerenso. Basi. Ndinatuluka mutu utaima.

Chonde amene mukudziwa, kusamva insulin ndi chani? Ngati shuga ndilibe nanga akundiopsezeranji? Komanso kumbuyo kwa khosi langa kunada kalekale, ndakhala ndikukhula ndi mwala mpaka kusupuka koma sikuyera, achemwali akuti ndi zomwezo. Ndipo Ramadhani ikubwerayi idzandipeza mimba itakula, ndifunge kapena ayi? Usiku sindikugona ndi maganizo.

Mnyamata wa mu Labu

Mayi, choyamba mtima pansi. Ine ntchito yanga ndi yoyeza magazi, kwathu ndi ku Namwera ngakhale ndikugwirira ku Zomba, sindine dokotala wanu koma manambala amenewa ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku nde ndiyesa kumasulira.

Mukadya nsima, mpunga, chinangwa, zonsezi zimasanduka shuga m'magazi. Shugayo sangalowe yekha mu minofu kuti akagwire ntchito, kapamba amatulutsa insulin amene ntchito yake ili ngati kukaodira pakhomo kuti eni nyumba atsegule shuga alowe. Kwa munthu wabwinobwino odi mmodzi chitseko chatseguka. Kwa amene thupi lake silikumva insulin, eni nyumba aja ali ngati ogontha, pamafunika odi kanayi kasanu mokuwa, ndiye kapamba amangotulutsa insulin wambirimbiri. Bola kapambayo akukwanitsa, shuga wa m'magazi amaoneka wabwino, ndi chifukwa chake 4.9 wanuyo akuti mulibe shuga. Koma insulin 14 uja akutiuza kuti kapamba wanu akuchita kulimbikira kuti 4.9 ameneyo atheke.

HOMA-IR si chinthu chimene timachipeza m'magazi ayi, ndi samu chabe. Anaipanga ndi akatswiri a ku Oxford mu 1985. Timatenga insulin kuchulukitsa ndi glucose (shuga wa m'magazi uja) kenako kugawa ndi 22.5, yesani pa foni panupo 14 kuchulukitsa ndi 4.9 kugawa ndi 22.5 mupeza 3.0 yomweyo. Ambiri amati ikadutsa cha m'ma 2.5 ndiye kuti thupi layamba kusamva, koma dziwani kuti palibe malire amodzi amene dziko lonse linagwirizana, makamaka kwa mayi woyembekezera, komanso makina oyezera insulin amasiyana, magazi omwewo labu ina itha kupereka nambala yosiyanako. TyG nayonso ndi samu, inachokera kwa madokotala a ku Mexico mu 2008, imaphatikiza mafuta a m'magazi aja a triglycerides ndi shuga. Ubwino wake ndi woti siifuna kuyeza insulin amene ndi wodula ndipo sapezeka m'malabu ambiri kwathu kuno. Palinso zina zimene ofufuza amayang'ana kumayambiriro kwa mimba monga mapuloteni a m'magazi otchedwa adiponectin ndi SHBG, zimenezi zikakhala zotsika mpata wodzapezeka ndi shuga wa mimba umakhala wokwera, koma izi ndi za kafukufuku, musavutike kuzisakasaka.

Tsopano nkhani ya mimba ndi iyi. Nsengwa ikamakula imatulutsa mahomoni amene amagonthetsa thupi la mayi dala, cholinga shuga azitsalako m'magazi kuti mwana azipeza chakudya. Zimenezi zimachitikira mayi aliyense, pofika miyezi yomalizira mphamvu ya insulin imakhala itatsika pafupifupi ndi theka. Amene anayamba mimba kapamba wake akupuma bwino amangowonjezera insulin nkudutsa osadziwa nkomwe. Koma amene anayamba kapamba ali kale pa liwiro, ngati mmene pepala lanu likuonetsera, ndi amene nthawi zina amalephera kukwera chitunda chimenechi, shuga nkukwera. Nchifukwa chake shuga wa mimba amakonda kuonekera kuyambira masabata 24 kupita kutsogolo osati panopa.

Ndiye yankho langa ndi loti ayi, pepalalo silikunena kuti muli ndi shuga. Likunena kuti muli m'gulu loyenera kuyang'aniridwa. Alipo amayi a HOMA-IR yokwera amene amachira osadwalapo shuga, aliponso a manambala okongola amene amadzapezeka naye. Ndipo kunena zoona olo mukanapanda kuyezetsa zonsezi, mwana wa makilo 4.3 uja, mayi anu a shuga ndi khosi lakudalo zinali zokwanira kale kuti aliyense wachipatala atchere khutu. Khosilo si litsiro, siyani kukhula, insulin akachuluka m'magazi khungu la pakhosi ndi m'khwapa limakhuthala nkuda.

Chimene chimagamula mlandu ndi kuyeza kotchedwa OGTT pakati pa masabata 24 ndi 28. Mumagona osadya maola osachepera 8, mmawa akutengani magazi, mumwa madzi osungunuliramo glucose wokwana magalamu 75, akutenganinso pakatha ola limodzi ndi pakatha maola 2. Malire amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika mu 2013 ndi awa: musanamwe 5.1, pa ola limodzi 10.0, pa maola awiri 8.5. Imodzi yokha ikafika pamenepo kapena kudutsa ndiye kuti ndi shuga wa mimba. Ngati makina a kwanuko amawerenga ma mg/dL manambala ake ndi 92, 180 ndi 153. Onani kuti 4.9 wanu ali pansi pa 5.1 koma sali patali.

Achimwene a pa Makawa

Achemwali musataye ndalama ndi zoyezayezazi. Siyani nsima ndi mpunga kotheratu, mmawa uliwonse muzimwa madzi a mandimu ndi masamba a nimu owiritsa, kuwonjezera chammwamba. Malume anga shuga wawo anatsika ndi zomwezi. Makolo athu amabereka ana 10 osayezetsa insulin.

Mzamba wa kutsidya

Achimwene a pa Makawa pepani ndikutsutsani poyera chifukwa pano pakuwerenga amayi ambiri oyembekezera. Malume anu alibe mimba. Nimu wowiritsa, makungwa, mizu, zonsezi mayi woyembekezera asayerekeze, sitidziwa mlingo wake ndipo zina zimavutitsa chiberekero, ife amene timalandira amayi atamwa mwanamphepo timadziwa zimene timaziona mu leba. Masamba a chammwamba ngati ndiwo palibe vuto. Ndipo za makolo zija, inde amabereka 10 koma funsani anganga anu kuti angati anapitira pobadwa, ndi amayi angati amene anthu ankangoti mwana anakakamira panjira.

Make Awiri mwana wanga, ine ndakhala pa ntchito ya uzamba zaka zambiri mbali ya kutsidya kwa Shire kuno, ndikufuna ndikufotokozereni za mwana wanu wachiwiri uja chifukwa zikundiwawa kuti munatuluka m'chipatala opanda wokuuzani. Shuga wa mayi amadutsa pa nsengwa kupita kwa mwana koma insulin wa mayi sadutsa. Ndiye mwana akamalandira shuga wambiri kapamba wake wamng'onoyo amayamba kupanga insulin wambiri, shuga uja nkumasungidwa ngati mafuta, mwana nkumanenepa makamaka m'mapewa ndi pamimba. Tsiku lobadwa tikangodula mchombo shuga wa mayi uja wasiya kubwera koma insulin wa mwana akadali pamwamba, basi shuga wake nkugwa. Sindinganene motsimikiza poti simunayezedwe, koma mwana wa 4.3 amene shuga wake anatsika atangobadwa, nkhani yake imafanana kwambiri ndi shuga wa mimba amene sanagwidwe. Ndipo amene anakhalapo naye mimba ina kawirikawiri amabweranso.

Chimene timaopa ife si kukula kokhako. Mutu umatuluka mapewa nkukanirira, pamenepo mphindi iliyonse ndi ya moyo, mwana atha kuthyoka kafupa ka paphewa kapena dzanja kulobodoka. Madzi amatha kuchuluka m'mimba, BP ya mayi imathanso kukwera mpaka kufika pokomoka. Sindikukuopsezani, ndikunena kuti muone chifukwa chake tikulimbikira, chifukwa shuga ameneyu akagwidwa nthawi yabwino amayi ambiri amayenda bwino ndi kusintha kadyedwe kokha ndi kuyendayenda, ena ndi amene amafunika metformin kapena jakisoni wa insulin.

Chochita chake. Pitani ku sikelo mwezi uno omwe musadikire mimba ioneke, pano timafuna mayi aonedwe ka 8 mimba isanathe. Tengani pepala la ku Blantyre lija mulimate m'buku lanu la kuchipatala, ndipo muwauze anamwino ndi pakamwa panu kuti mwana wanga wachiwiri anabadwa makilo 4.3 ndipo mayi anga ali ndi shuga, muwapemphe alembe pa tsamba la mimbayi. Ndikunena chilungamo, kuzipatala zing'onozing'ono ngati kumene ndili ine timayeza HIV, chindoko, magazi ngati ndi okwanira, BP, kupereka Fansidar ndi mankhwala owonjezera magazi, koma shuga timayeza pokhapokha pali chotikayikitsa ndipo pena timapezeka timapepala ta makina obaya pachala tatha. Mayi amene wanena yekha mbiri yake ndi amene timamulembera kalata yopita ku chipatala chachikulu msanga. Ndiye funsani kuti OGTT ndikapangire kuti, ngati pa boma sizitheka nthawi imeneyo konzekani ulendo wa ku Zomba kapena kubwerera ku Blantyre konko, werengani masabata anu muike chizindikiro pa kalendala. Za mkodzo zokha musadalire, mimba imapangitsa impso kutaya shuga mu mkodzo olo magazi ali bwino, komanso ena shuga ali wokwera mkodzo osaonetsa kanthu.

Nsima musasiye. Mayi woyembekezera kudzimana chakudya ndi ngozi inanso kwa mwana. Chepetsani mitanda, ndiwo zichuluke kuposa nsima, ufa ukhale mgaiwa ngati mungathe ngakhale nawonso ukachuluka umakweza shuga. Kuno Mulungu anatipatsa usipa, utaka, kambuzi, onjezani nyemba, nandolo, mazira, therere, bonongwe, nkhwani wotendera. Chimene chimapweteka amayi ambiri kuno si nsima nkomwe koma tiyi wa masupuni 4 a shuga ndi mandazi atatu mmawa, masana Sobo kapena Fanta chifukwa cha kutentha kwa kuno, madzulo thobwa lotsekemera. Ludzu la Mangochi liphedwe ndi madzi. Nyengo ya mango idyani limodzi kapena awiri, osati kukhala pansi ndi beseni. Mukatha kudya musagone pamkeka nthawi yomweyo, yendani mphindi 15 olo kuzungulira mudzi dzuwa likapepa, minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga popanda kudikira insulin wambiri.

Mayi wa ku Monkey Bay

Asisi ine ndadutsamo mu zimenezi chaka chatha nde ndikumvetsa kusagona mukunenako. Kwa ine kunalibe za HOMA zimenezo, ndinangopezeka pa miyezi 6 mimba yakula ngati mapasa, sikani ikuti mwana mmodzi koma madzi ambiri, ndi pamene ananditumiza kukamwa madzi a shuga aja. Ndikuchenjezeni ndi otsekemera moti mseru umabwera, imwani pang'onopang'ono koma amafuna muthe mu mphindi 5, mukasanza ndiye kuti zonse zaonongeka mudzabwerenso tsiku lina. Maola awiriwo mumangokhala pa benchi osadya osayendayenda, tengani chitenje chofunda ndi kakudya koti mudye mukamaliza. Masiku a mmbuyo mwake idyani mmene mumadyera, ine ndinkafuna kudzimana kuti zotsatira zikatuluke bwino anesi anandikalipira kuti ukunamiza ndani, mwana ali m'mimba mwakomo.

Yanga ya maola awiri inatuluka 9.4. Ndinalira njira yonse pa minibasi. Ndinayamba ndi zakudya, masabata awiri manambala a mmawa osatsika, anandiyambitsa metformin, kumapeto anawonjezera insulin wa usiku. Jakisoni ndinkamuopa koma kasingano kake nkakang'ono, chovuta chinali kusunga ndi kutentha kwa kunyanja kuno magetsi akazima, nde ndinkaika kabotolo mu kachitini kotseka bwino nkukwirira mu mchenga wonyowa mu mphika wadothi pamthunzi. Ndinagulanso kamakina koyezera pachala, timapepala take ndi todula nde ndinkayeza mmawa ndisanadye ndi kamodzi pakatha maola awiri nditadya, kusinthasintha chakudya chake, nkumalemba mu kope. Kopelo ndi limene linandiphunzitsa kuti mpunga woyera umandikweza kuposa nsima ya mgaiwa, pomwe mbatata yowiritsa pang'ono ndi nsinjiro inalibe vuto. Wina zitha kukhala zosiyana.

Mwana anabadwa 3.4, ndinachira ndekha opanda opaleshoni, anandiuza ndimuyamwitse nthawi yomweyo ndipo shuga wake sanagwe.

Za Ramadhani, nanenso ndine Msilamu. Amuna anga anakafunsa kwa a shehe ndipo anatiuza zimene tonse timadziwa kuti woyembekezera ndi woyamwitsa akaopera moyo wake kapena wa mwana ndi wololedwa kusafunga, za kubweza masiku kapena kudyetsa osauka akufotokozerani a shehe anu. Vuto si njala ya masana yokha, ndi futali ya madzulo, tsiku lonse m'mimba muli gwa kenako tende, phala la shuga, mpunga, zakumwa zotsekemera zonse nthawi imodzi, shuga amachita kulumpha. Ndipo ngati mwayamba insulin kufunga ndi koopsa zedi chifukwa shuga atha kugwa masana muli nokha. Apongozi anga poyamba sanasangalale koma atamva kuti a shehe avomereza anasiya kuyankhula. Uzani amuna anu msanga akuimireni.

Chomaliza, mukadzachira musadzati zatha. Ine shuga anabwerera mmalo nsengwa itangotuluka koma anandiuza ndikayezetsenso pakatha masabata 6 mpaka 12, ndipo kuyambira pamenepo ndiziyezetsa pafupipafupi moyo wanga wonse.

Nachisale wa pa Chimwala

Funso kwa a mu labu, nanga HbA1c bwanji? Ine ndinamva kuti imeneyo sufunika kugona ndi njala kapena kumwa zotsekemerazo, bwanji osangopanga imeneyo? Ndili ndi masabata 20.

Mnyamata wa mu Labu

A Nachisale funso labwino. HbA1c imayeza shuga amene wamatirira ku maselo ofiira a magazi, nde imapereka chithunzi cha miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Kumayambiriro kwa mimba imathandiza kugwira mayi amene anali ndi shuga kale asanaime osadziwa, ikafika 6.5% imeneyo ndi shuga yeniyeni. Koma pa shuga wa mimba imaphonya ambiri, chifukwa shugayo amakwera mochedwa komanso mofulumira pomwe HbA1c ikukuuzani za mmbuyo. Kuwonjezera apo chilichonse chosokoneza maselo ofiira chimaisokoneza. Malungo amaphwanya maselo nde nambala imatsika monama, kuchepa kwa ayironi kumatha kuikweza monama, sickle cell nayonso imasokoneza makina ena. Tangoganizani kuno ku Mangochi malungo, likodzo ndi kuchepa magazi mmene zilili pakati pa amayi oyembekezera. Ndiye inu pa masabata 20 konzekerani OGTT mwezi wamawa ngati anamwino aona kuti muli pa chiopsezo.

Ndiwonjezere china chimene chimandisowetsa mtendere pa TyG, poti anthu ayamba kuitama kuti ndi yotchipa. Kafukufuku wambiri wa TyG ndi mimba wachitikira ku Asia makamaka ku China, malire amene amapeza kumeneko sitingangowanyamula. Zinaonekanso kale kwa anthu akuda ku America kuti munthu atha kukhala thupi lake silikumva insulin koma triglycerides wake ali wotsika bwinobwino, ndiye kwa ife nambala yabwino ya mafutawa isatigoneke tulo. Komanso mimba payokha imakweza triglycerides kawiri kapena katatu pofika kumapeto, nde TyG ya masabata 13 ndi ya masabata 32 sizifanana tanthauzo. Ngakhale malire a WHO aja anachokera pa kafukufuku wamkulu wa HAPO amene anatuluka mu 2008, amayi oposa 23,000 m'mayiko 9, koma munalibe dziko la mu Africa muno. Chimene anapeza nchoti palibe mzere weniweni pamene ngozi imayambira, shuga wa mayi akamakwera pang'onopang'ono mpata wa mwana wamkulu umakweranso pang'onopang'ono. Nchifukwa chake Make Awiri olo OGTT idzatuluke bwino malangizo a amzamba aja musadzawataye.

Ndipo zimene anena amayi a ku Monkey Bay zoyezetsanso nzoona, kuunika kwa kafukufuku wambiri kumene kunatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2009 kunapeza kuti mayi amene anadwalapo shuga wa mimba mpata wake wodzadwala shuga wokhalitsa ndi wochuluka pafupifupi ka 7 poyerekeza ndi amene sanadwalepo.

Make Awiri, Mpondasi

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri mpaka ndawawerengeranso bambo a kunyumba. Amzamba, za mwana wanga wachiwiri zija zandikhudza, zaka 4 zonsezi ndimangoti zinangochitika. Lero mmawa ndinakwera kabaza kupita ku sikelo, ndanena zonse mmene munandiuzira ndipo anamwino alemba ndi bolopeni yofiira pamwamba pa tsamba, BP ili bwino, akuti ndikadzafika masabata 24 adzandilembera kalata. Ndawerenga pa kalendala ndaika kale chizindikiro, achemwali akuti ngati kuno zidzavute ndidzapite konko adzandiperekeza.

Tiyi ndatsitsa kufika supuni imodzi, kusiyiratu ndiyesa sabata yamawa. Bambo akuti Lachisanu akatha Juma akaonana ndi a shehe. Amayi a ku Monkey Bay ndakulemberani ku inbox, ndikufuna mundiuze kumene munagula kamakina kaja ndi mmene munkalembera mu kope, komanso ngati kamene amagwiritsa ntchito amayi anga ndingabwerekeko ndikangosintha kasingano.